Alamu Anavala Zakuda Lachinayi

Alamu anga a Dyness ali ndi vuto limodzi: akauzidwa kuti chinthu chichitike mwakutimwakuti, amachichita mpaka kupyola muyeso. Mukawauza kuti thirani mchere pang'ono, amakufunsani kuti pang'ono pakepo ndi pati. Ine ndimaphunzitsa sitandade wani, ndinazolowera anthu oti ukawatuma amachita theka n'kuthawira kunja, ndiye munthu wotereyu amanditopetsa. Koma ndimawakonda. Ndayamba ndanena zimenezi chifukwa mundimva ndikuwaseka kwambiri.

Anabwera kwathu, kufupi ndi Nsaru, ngati mtengwa wa achimwene anga a Simoni. Achimwenewo ananyamuka kupita ku Joni mwana wawo Promise akadakwawa, atalonjeza kuti akangopeza za malata abwerako. Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Kenako ankaimba mwezi ukatha. Chaka chimene ndikunenachi anali atangoti zii chikololereni chimanga, ndipo ukaimba nambala yawo ankayankha ndi mayi uja wa m'makina wonena kuti yesaninso nthawi ina. Pakhomo panatsala alamu, Promise, ndi amayi anga aNambewe, amene chinkawadzutsa m'mawa chinali mdzukulu wawoyo basi. Phala ankamuphikira okha, tsitsi ankamuluka okha, ndipo amake akamukalipira, mlandu unkagwera amakewo.

Ndiye kunabwera bungwe lina la kafukufuku wa zaulimi, likufuna achinyamata a fomu folo oti liwaphunzitse kuyeza minda. Alamu anali ndi satifiketi yabwino imene inkangodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, ndipo analembetsa. Amayi anauzidwa kuti ndi maphunziro chabe. Ine ndinauzidwa zonse: wokhoza mayeso adzalembedwa ntchito, ntchitoyo ili ku tauni, ndipo alamu akapita adzapita ndi Promise.

"Ndatopa kudikira foni, alamu," anandiuza choncho, maso ali pansi.

Sindinawatsutse. Ndinkafuna akhoze, chifukwa ndi mkazi mnzanga ndipo ndinkaona mmene ankafotera. Ndinkafunanso alephere, chifukwa amayi ndi amayi anga. Zonse ziwirizo zinkakhala mumtima mwanga mopanda kukangana kwenikweni, ngati akazi a mitala okalambirana.

Maphunzirowo anali a pa kompyuta. Bungwelo linawabwereka laputopu, ndipo poti kwathu kulibe magetsi, ankabwera masana ku nyumba yanga ya pa sukulu kumene kuli sola. Ine ndinkachonga makope pambali, choncho ndinaphunzira nawo mosafuna. Nkhani yake, mmene ndinaimvera, inali yotere. Kumwambaku kuli setilaiti imene imajambula minda. Siona masamba monga tionera ife. Imaona kuwala kumene tsamba limabweza dzuwa likaliwomba. Tsamba lathanzi limabweza mwanjira yake, lodwala mwanjira inanso, ngakhale diso la mlimi lisanaone chikasu. Koma setilaitiyo ili kutali ndipo imatha kunamizidwa ndi fumbi kapena nkhungu, choncho pamafunika munthu pansi pano woti aime m'munda ndi makina oyezera kuwala, ayeze tsamba lenilenilo, kuti akuluakulu akafananize. Wapansiyo akalakwitsa, onse alakwitsa, ndipo feteleza kapena mankhwala akalunjika kumene sakufunika.

Mphunzitsi wa m'kompyutamo anali mawu a bambo wolankhulira m'mphuno, wosakhutira ndi kalikonse. Kwa iye chilichonse chinali mdani. Mtambo ndi mdani. Mthunzi wako womwe ndi mdani. Kuyeza m'mawa n'kulakwa, madzulo n'kulakwanso, uyenera kuima pa dzuwa la paliwombo pamene munthu wanzeru amakhala pansi pa mtengo. Panalinso mbale yoyera ya makona anayi, imene uyenera kuilozetsa makinawo usanayeze masamba, kuti adziwe mphamvu ya dzuwa pa nthawi imeneyo. Mbaleyo siikhudzidwa ndi chala pamwamba, ndipo iyenera kugona mosapendekeka ngakhale pang'ono. M'mbali mwake muli kagalasi kokhala ndi kathovu, ndipo kathovuko kazikhala pakati penipeni. Phunziro lililonse likatha pankabwera mafunso. Ukalakwa limodzi, pankatuluka mtanda wofiira, bamboyo n'kukubwezera koyambirira mopanda manyazi.

Ana anga a sitandade wani atachitidwa zimenezo, sukulu ikhoza kutsekedwa. Koma alamu anapeza mnzawo. Ankamumvera bamboyo atatsamira kutsogolo, akugwedeza mutu, nthawi zina kumuyankha kumene. Ndinawauza kuti ndikawanenera kwa achimwene kuti mwapeza mwamuna wina, ndipo tsiku lililonse masana mumakhala naye m'nyumba mwanga. Anandiyankha kuti bola ameneyu amalankhula. Tinaseka, koma kusekako sikunatalike.

Phunziro limene linatibweretsera mavuto linali la zovala. Pa galasi la kompyuta panatuluka anthu awiri ojambula. Wina anavala malaya oyera, ndipo timivi ta kuwala tinkagunda malayawo n'kugwera pa masamba, makina n'kuwerenga bodza. Ameneyo anamuika mtanda wofiira. Winayo anavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo anamuchonga ndi inki yobiriwira. Bamboyo anafotokoza kuti woyeza azivala zosawala, komanso aliyense wovala zowala aime patali.

Ndinawauza alamu kuti zosawala n'zambiri. Pali buluu wakuda, pali khofi, palinso siketi yawo ija yobiriwira imene inasuluka kalekale. Iwo anati pachithunzipo panali zakuda. Tsiku la msika pa Nsaru anakavundukula kaunjika yense mpaka anapeza siketi yakuda, bulauzi yakuda ya manja aatali, ndi duku lakuda. Nsapato zawo zinali ndi timizere toyera m'mbali, anatipaka polishi wakuda.

Apa mpamene ndinasiya nthabwala. Kwathu kuno mkazi savala zakuda thupi lonse pokhapokha ataika mwamuna wake m'manda, ndipo amakhala nazo mpaka achibale adzakumane n'kumuvula. Mkazi wa munthu wamoyo kuvala choncho, anthu amati ukumuitanira imfa mnzako. Ndinawakumbutsa, ngati kuti iwo anakulira kwina. Anati akudziwa, n'chifukwa chake zovalazo zizikhala kwanga, adzavalire kwanga, adzavulirenso kwanga. Ndiponso mayeso a m'munda anawaika Lachinayi, tsiku limene amayi amakhala ku tchalitchi ndi amayi anzawo a Chigwirizano mpaka dzuwa kupendeka. Amayi ndiwo ankatsogolera gululo, ndipo Lachinayi sankajomba ngakhale atadwala malungo. Alamu anawerengera zonse bwinobwino. Anangoiwala kuti tchalitchi chathu chili ndi mazenera.

Makina oyezerawo anali amodzi okha. Ankayenda nawo ndi bambo wina wa ku bungweko, a Chikoti, amene ankazungulira ku Mpingu, ku Namitete, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma, wophunzira aliyense n'kupatsidwa masana amodzi. Unali mwezi wa Febuluwale, pamene kumacha kuli mbee koma pofika masana mitambo imakhala itayamba kusonkhana. Mtambo ukakupeza usanamalize, a Chikoti analibe tsiku lina loti akupatse. Mayeso ake anali osavuta kumva: wophunzira ayeze masamba, a Chikoti ayezenso malo omwewo, kompyuta ijambule mizere iwiri. Mizereyo ikagonerana, wakhoza. Ikasiyana, ubwerere kukalima. Munda umene anasankha unali wa amayi, wa mtedza, chifukwa mbali ina unagwidwa matenda a kadukutu pamene mbali ina unali bwino. Amayi analola, ngakhale zinawawawa kuti mlendo adzaone mbali yodwalayo.

Lachinayi lija ndinawatulutsa msanga ana anga, iwo n'kuganiza kuti ndawakonda. Galimoto ya a Chikoti inathera pa sukulu chifukwa cha matope, ndipo kumunda tinapita wapansi. Taganizani mmene tinkaonekera. Patsogolo a Chikoti, bambo wamtali wosalankhulalankhula, wa nkhope ngati akumva dzino, atasenza bokosi lotuwa la zogwirira m'mbali. Pakati alamu, bii kuyambira duku mpaka nsapato, mutu atazyolika, milomo ikugwedezeka chifukwa ankabwereza mumtima zimene bambo wa m'kompyuta anawaphunzitsa. Pambuyo ine, nditamanga chitenje chakuda, nditanyamula miyendo yachitsulo yoikapo mbale, ndili chete. Kukhala chete kwanga ndi kumene kunaipitsa zinthu, chifukwa m'mudzi monse palibe anandionapo ndikuyenda osalankhula.

Njira ya kumunda imadutsa kuseri kwa tchalitchi. Tinkamva amayi a Chigwirizano akuimba mkatimo, ndipo tinayenda monyang'ama. Koma pa zenera panakhala mayi Yunisi, mmodzi wa gululo, amene amakhala pa zenera nthawi zonse ati chifukwa cha mpweya. Ife sitinawaone. Iwo anationa.

Kumunda dzuwa linali bwino, lowotcha pa liwombo monga bambo uja amafunira. Chakumadzulo, cha ku Mchinji, mitambo inali itayamba kutukumuka koma inali patali. A Chikoti anatsegula bokosi, alamu anabereka makina kumsana, laputopu pachifuwa pa lamba wake, m'manja atagwira chogwirira cha chingwe chimene chimayang'ana masamba. Makinawo amafuna ayambe atenthera, ndiye tinadikira. Miyendo yachitsulo ija inkangotitimira m'dothi lonyowa la m'mizere, kathovu n'kumathawira kumbali. A Chikoti anati palibe kanthu, lamulo limalola wothandiza kugwira mbale ndi manja, bola agwire m'mphepete ndipo agwade kuti asachite mthunzi. Iwo sakanagwira, poti ndi oyesa. Ndinagwada ine.

Alamu anali atangolozetsa chingwe pa mbale pamene tinamva nyimbo. Sinali ija tinaisiya m'tchalitchi. Inali ya pa maliro, ija yoyenda pang'onopang'ono imene amayi amaimba popita kusiwa. A Chikoti anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu kuti kodi m'mudzi muno mwagwa zovuta. Ndinati ayi, sitinamve. Kenako ndinatembenuka.

Ankatsika ndi njira ya kumunda, mzere wautali, onse mbee: mabulauzi oyera, maduku oyera, ochapidwa ndi kusitidwa monga amachitira a Chigwirizano, oti pa dzuwa sungawayang'ane kawiri. Pakati pawo panali amayi anga, atagwiridwa mikono uku ndi uku. Ndinayang'ana alamu, alamu anadziyang'ana okha kuyambira pachifuwa mpaka ku nsapato za polishi zija, ndipo ndinaona kuti nawonso azindikira.

Munthu woganiza bwino akanadziwa kuti zakuda savala uthenga utangofika. Amayamba kaye alira. Koma mayi Yunisi anali ataikonza kale nkhaniyo kuti isatayikire. Anati a Simoni anamwalira kalekale ku Joni, anawaika konko monga zimachitikira ena, mtengwa anauzidwa koma anabisa poopa kuti bipi ya apongozi ake ikwera, ndipo bambo wa galimotoyo wabweretsa katundu wa malemu m'bokosi. Zoti katundu wa malemu akukatani ku munda wa mtedza, palibe anafunsa. Munthu amene wakhala miyezi akuopa chinthu safunsa mafunso akamva kuti chafika.

Anafika n'kuchita zimene amachita pa maliro, ndipo amazichita bwino. Anawazungulira alamu, ena n'kukhala pansi pa mizere, pa mtedza womwe tinkafuna kuyezawo. Wina anawagwira phewa, wina anayesa kuwatula makina kumsana kuti apepukidwe. Ena anayamba kusisima. Kulikonse kumene chingwe chija chikanaloza kunali bulauzi yoyera. Pa galasi la laputopu mzere unkadumphadumpha ngati mbuzi yomangidwa koyamba. A Chikoti anakumbatira bokosi lawo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana ine kuti ndiwamasulire, ngati kuti si Mchewa mnzathu.

Ine ndinali nditatsala pang'ono kuphulika ndi phwete. Chinandiletsa ndi nkhope ya amayi. Sankalira. Anaima patsogolo pa alamu, milomo itauma.

"Amake Promise, munandibisira chifukwa chiyani? Mwana wanga munamuika liti?"

Alamu anagwada pomwepo, makina ali kumsana, n'kuyamba kufotokoza. Anafotokoza monga achitira iwo, kuyambira koyambirira: setilaiti, masamba, kuwala kumene kumagunda malaya, bambo wa m'kompyuta, munthu wa mtanda wofiira. Ndinaona kuti tikawasiya tifika madzulo, ndiye ndinalowererapo. Ndinati palibe wamwalira, zovalazo ndi za ntchito, m'bokosimo munali makina, ndipo bambo awa ndi oyesa mayeso, nkhope yawo ndi mmene ilili basi.

Kenako maso onse anapita kwa mayi Yunisi, amene anayamba kukonza duku lawo n'kunena kuti iwo anangonena zimene anaona. Wina kumbuyo anaseka, wina anamudzudzula, kenako anaseka yemwe anadzudzulayo, mpaka gulu lonse linagwa nalo phwete, ena akupukuta misozi ya maliro ija ndi m'mphepete mwa zitenje. Amene anali atayamba kale kugawana za ndani akatunge madzi ndi ndani akatole nkhuni anakhumudwa pang'ono, poti dongosolo linali litayenda bwino.

Amayi sanaseke. Anafunsa alamu ngati pali chimene amva kuchokera kwa Simoni. Alamu anati palibe.

"Ndiye kuti ali moyo, eti?"

Munthu wina aliyense akanati inde. Ine ndikanati inde, mokweza, n'kuwonjezapo kuti akunenepa. Koma anafunsidwawo anali alamu anga.

"Sindikudziwa, amayi. Palibe chimene ndamva, chabwino kapena choipa."

Ndinawakwiyira alamu pa nthawi imeneyo, ndipo ndinawamveranso chisoni, chifukwa ndinaona kuti mawu amenewo akhala akudziuza okha m'mawa uliwonse. Amayi anangogwedeza mutu pang'ono. Kuseka kuja kunazima kokha.

Apa a Chikoti anatsokomola. Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo ija inali itasendera mpaka pamwamba pa mabulugamu a kumalire, n'kupempha mwaulemu wonse kuti amayi ovala zoyera asunthire patali ndithu, chifukwa makina akuwerenga mabulauzi m'malo mwa mtedza. Anati nthawi yatsala yochepa, mtambo ukafika iwo anyamuka, ndipo zingakhale zomvetsa chisoni kuti mayiyu ataye ntchito ya ku tauni chifukwa cha maliro opanda mtembo. Bamboyo ankaganiza kuti akuthandiza. Tsiku lonse ankalankhula mawu owerengeka, ndipo pamene anati alankhule zambiri, anasankha mawu amenewo.

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono. Anafunsa alamu ngati n'zoona kuti pali ntchito, alamu anavomera. Anafunsa ngati ili ku tauni, alamu anavomeranso.

"Nanga Promise?"

"Ndidzapita naye, amayi."

Amayi a Chigwirizano ndi anthu odziwa nthawi yochoka. Anadzuka mmodzimmodzi, akusasa dothi, akuwongola mtedza umene anaukhalira, n'kupita kukaima pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa munda wa fodya wa aneba athu. Kuchokera kumeneko ankaona zonse koma sankamva, zimene zinawapweteka kwambiri mayi Yunisi. Amayi okha sanasunthe. Ndinawauza chapansipansi kuti nawonso avala zoyera. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikayankha alendo.

"Iwe Kettie, bweretsa chitenje chakocho. Munda ndi wanga, mbaleyo ndigwira ndine."

Ndinamasula chitenje n'kuwapatsa. Anachifunda pamwamba pa bulauzi, n'kuchimanga pakhosi kuti choyera chisaoneke. Kenako anavula duku. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo amayi atavula duku la Chigwirizano pa Lachinayi, panja, pamaso pa mwamuna wachilendo. Anandipatsa ine. Mutu wawo unali mbuu ndi imvi, ndipo anaugwira n'kufunsa alamu ngati imvizo nazonso zisokoneza makina. Alamu anaziyang'anitsitsa, anaganiza kaye, n'kunena kuti mwina pang'ono. A Chikoti anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Amayi anakoka nsonga ya chitenje n'kufunda kumutu.

Anagwada mumzere. Alamu anawaonetsa pogwira, m'mphepete mokha, n'kuwaonetsa kagalasi ndi kathovu kake. Amayi anapendeketsa mbale uku, kathovu kanathawa. Anabweza, kanabwerera pakati. Anachita zimenezo kangapo, ngati munthu woyesa khasu latsopano.

"Nanga itapendekeka chonchi, osaona inu?"

"Ndilephera, amayi."

"Mukalephera mukhala?"

"Ndikhala."

Ine ndinali nditavala diresi ya maluwa achikasu mkati mwa chitenje chija, choncho anandithamangitsa nanenso. Ndinakaima kumalire, duku la amayi lili m'manja, pamalo poti manja awo ndinkawaona. Alamu sakanatha kuona kathovu. Maso awo ankayenera kukhala pa chingwe ndi pa laputopu. A Chikoti anaima patali monga mwa lamulo. Amene ankadziwa ngati mbale yagona bwino anali amayi okha. Mukanandifunsa pamenepo chimene ndinkapempherera, sindikanakuyankhani.

Ntchito yake ndi yotopetsa kuionerera. Alamu ankalozetsa chingwe pa mbale, kudikira, kusuntha mkono kupita pa masamba, kudikira, kudina. Akayeza malo angapo ankabwereranso ku mbale, chifukwa dzuwa limasintha munthu osazindikira. Akasendera kutsogolo, amayi ankadzuka n'kukagwadanso, mawondo a munthu wamkulu, m'dothi lonyowa, atafunda chitenje chakuda pa dzuwa la masana. Anayambira kumbali yathanzi n'kumatsikira ku kadukutu kuja, kumene mtedza unafinyikira pansi ngati wapondedwa. Thukuta linkatsika pa chibwano cha amayi, iwo n'kumapotolera mutu kumbali kuti lisadonthere pa mbale. Palibe anawauza zimenezo.

Alamu atamaliza, anavula makina n'kuwabereketsa a Chikoti, ndipo zonse zinayambiranso, malo omwe aja, amayi akugwadanso pomwe anagwada. Mthunzi wa mtambo unali utafika m'munda wa fodya. Ndinkauona ukubwera, ukudetsa mzere ndi mzere, ukudutsa pa mtengo wa mango pamene amayi aja anaunjikana. A Chikoti, amene m'mawa monse ankayenda ngati akuperekeza mkwatibwi, apa anafulumira. Anadina komaliza mthunzi uli pa malire, ndipo posakhalitsa munda wonse unazizira.

Ndinathamangira komweko. A Chikoti anakhala pa bokosi lawo, laputopu pa mawondo, akudinadina. Anati iwo saloledwa kulengeza zotsatira, zimachokera ku ofesi. Atatero anatembenuza laputopuyo kuti tione. Ndinaona mzere umodzi wokha, wokwera ndi kutsika ngati phiri, ndipo ndinafunsa kuti winawo uli kuti. Anati ilipo iwiri, wina wagona pa unzake. Kenako anauza alamu, osawayang'ana, kuti si zoipa kuyamba kufunsafunsa za sukulu ya mwana ku tauniko.

Alamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ine ndinawakumbatira, zakuda zawo zomwezo, zotentha ngati chiwaya, ndipo ndinalira osadziwa kuti ndikulirira mbali iti.

Titatembenuka tinapeza amayi akadagwada kumapeto kwa mzere, mbale ili m'manja, maso ali pa kagalasi. Palibe anali atawauza kuti zatha. Alamu anapita n'kukagwada patsogolo pawo, nagwira mbaleyo m'mphepete kuti ailandire.

"Tamaliza, amayi. Zayenda bwino."

Amayi sanaisiye msanga. Zala zinali zitauma, ndipo alamu anachita kuzimasula chimodzichimodzi. Kenako anafunsa kuti adzanyamuka liti, alamu anati mwina tikakumba mtedza. Amayi anayang'ana mizere ija, mbali yabwino ndi mbali yodwala.

"Simoni akadzaimba, musadzamuuze ndinu," anatero. "Ndidzamuuza ndekha kuti mbale ndinagwira ndine."

Anayesa kudzuka koma mawondo anakana, ndipo alamu anawadzutsa.